Mayi Rabecca Namondwe, Woumba Mapu a Ana Osaona

Malemu amene atisonkhanitsa pano, mayi Rabecca Namondwe, anabadwa pa 14 Malichi 1953 kumtunda kwa Naisi. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Mayi awo anali woumba mbiya, ndipo malemu anadziwa kusankha dothi la mtapo asanadziwe kulemba dzina lawo.

Sukulu anayambira ku Domasi Mission mu 1961. Atakhoza fomu 2 anakaphunzira zauphunzitsi, ndipo mu 1973 anayamba ntchito pasukulu ya pulayimale ya m'dera lathu lino. Amene munadutsa m'manja mwawo muli ambiri pano, ena mpaka imvi. Mukukumbukira kuti ankatchula dzina la wolongolola ali chiyang'anire kubolodi, ndipo sankaphonya.

Pa 21 Ogasiti 1976 anamanga ukwati woyera ndi bambo Stewart Namondwe, mmisiri wa matabwa. Mulungu anawapatsa ana anayi.

Mu 1988 mwana wawo wachitatu, Chisoni, anadwala chikuku ali ndi zaka zinayi. Anachira, koma maso anapita. Atafika msinkhu wa sukulu, ena analangiza kuti mtsikanayo azingokhala pakhomo, ena anati atumizidwe kutali kumene kuli sukulu za osaona. Malemu anakana zonse ziwiri. Anati mwana wosaona wa ku Domasi aphunzire ku Domasi konkuno, madzulo azikagona kwa amake. Mawu amenewa ndiwo anakhala ntchito ya moyo wawo wonse. Tivomereze pamaso pawo lero kuti ife achibale tinawatcha aliuma.

Zipangizo kunalibe, choncho malemu anabwerera ku dothi la mayi awo. Mu 1993 anaumba mapu a boma la Zomba kuti Chisoni aziwerenga ndi zala. Anagwira ntchitoyo sabata zitatu monga mwana wa woumba mbiya: anakulungiza ndi nkhulungo mpaka kusalala, anapaka katondo pamtunda ndi makala panyanja ya Chilwa, nawotcha. Aphunzitsi anzawo anaombera m'manja. Chisoni atayendetsa zala, anafunsa mwaulemu ngati imeneyo inali mbale yatsopano.

Malemu analira tsiku limenelo, ndipo sankabisa akamafotokoza. Ankati anaumbira maso awo, osati zala za mwana. Mapu okongolawo anawaswa okha. Kuyambira pamenepo ankaumba atamanga mpango m'maso. Pamtunda ankathira mchenga, pamadzi pokha ndi pamene ankasalaza, mtsinje wa Domasi unali ngalande yokwana chala, ndipo phiri la Zomba linatumphuka ngati chibakera. Zinali zosakongola, mwakuti mlendo wina anafunsa chimene chinagwera mbaleyo. Koma Chisoni anayenda ndi chala kuchoka ku Malosa mpaka ku Zomba osasochera.

Mbiri itamveka, makolo anayamba kutulutsa ana amene ankawabisa kuseri kwa nyumba. Ena malemu ankachita kukawatenga okha, ndipo kholo lokana linkawaona pakhomo Loweruka lililonse mpaka litatopa. Anaumba manambala, ziwalo za thupi, ngakhale chambo chokhala ndi mamba ake. Zilembo za osaona anaziphunzira limodzi ndi anawo kwa mphunzitsi woyendera amene ankabwera kamodzi pamwezi. Mu 1999 Chisoni anakhoza mayeso a sitandade 8 nasankhidwa kupita ku sekondale. Pambuyo pake anaphunzira uphunzitsi wa ana osaona, ndipo boma linawatumiza kumpoto.

Mu 2001 malemu anasonkhanitsa amayi a Mvano ndi amayi achisilamu, nayambitsa gulu loumba mbaula. Mbaulazo zinayenda malonda kumsika wa Songani ndi m'mbali mwa msewu wa Liwonde. Zinaphunzitsa ana a amayiwo, ndipo zinagulanso malata a chipinda cha ana osaona chimene mudzi unamanga mu 2010. Zitseko ndi mabenchi anakhoma ndi bambo Namondwe, amene amati sanafunsidwe, anangouzidwa.

Malemu anapuma pantchito mu 2008, koma kupumako kunali kwa papepala. Anaphunzitsabe ana osaonawo mongodzipereka. Chinkawadetsa nkhawa chinali chimodzi: chipindacho chinalibe mphunzitsi wa boma, ndipo ankaopa kuti iwo akadzachoka chidzasanduka mosungira nkhuni zophikira phala la ana asukulu, ana n'kubwerera kuseri kwa nyumba. Kwa zaka khumi ndi zinayi analemba makalata ndi kuyenda kumaofesi, mwakuti alonda ankati akawaonera patali, ankayamba kupukuta mpando.

Mu Novembala 2023 anadwala matenda oumitsa ziwalo, dzanja lamanja linaleka kugwira. Chipindacho chinayamba kutsekulidwa mwa apo ndi apo, ana ena anasiya kubwera. Zimenezi zinawapweteka kuposa matendawo. Pa 27 Meyi chaka chino anagonekedwa kuchipatala chachikulu cha Zomba.

Pa 5 Juni kalata ya yankho imene ankaidikira inafika. Boma lavomereza chipindacho, ndipo mphunzitsi amene lamutumiza ndi mayi Chisoni Namondwe. Mwana wawo woyamba, a Kizito, anawawerengera pabedi. Malemu anapempha kuti abwereze, ndipo atabwereza anaseka mpaka odwala anzawo anadzuka kudzafunsa. Kenaka analamula, monga mwa chizolowezi chawo, kuti zivute zitani ana asadzajombe chifukwa cha iwo. Anatisiya Lachiwiri pa 11 Juni 2024 ali ndi zaka 71.

Asiya amuna awo, bambo Stewart Namondwe, ana anayi, a Kizito, a Tisungeni, a Chisoni ndi a Brighton, komanso zidzukulu zisanu ndi zinayi.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, abusa ndi mpingo, amayi a Mvano, amayi a gulu la mbaula amene aphikira anamalira, mafumu ndi adzukulu okumba manda. Tikuthokoza bambo Mohamedi, amene galimoto yawo yatinyamula kuyambira tsiku loyamba la matenda. Nonse amene mwasiya ntchito zanu, Mulungu akudalitseni.

Pomaliza, makolo a ana khumi ndi mmodzi ophunzira m'chipinda chija mumve: Lolemba likubwerali chipinda chitsekulidwa nthawi ya 7 koloko m'mawa. A Chisoni adzakhala pakhomo ndi makiyi, atavala zakuda, kudikira ana anu. Abweretseni onse.

Mayi Namondwe, zimene munkaopa zija sizichitika. Usani mumtendere.