Alovera wa Malemu

Alovera amene anasiya malemu mkazi wanga anayamba kufewa masamba ndi kununkha kutsinde. Ndinaitana mlamu wanga, mlongo wake wa malemuyo, yemwe ndi mlonda, kuti tidzamuwokere mumphika wina asanafe.

Mlamu anamuzula, anadula mizu yoola, n'kumugoneka pa nyuzipepala pakhonde. Kenako anakhala pansi n'kupinda manja.

"Bzalani," ndinatero.

"Ayi, alamu. Ndadzera kwa wogulitsa maluwa uja. Wati agone kaye pamthunzi, mabala aume."

"Popanda dothi?"

"Popanda dothi, popanda madzi. Ndamufunsa kawiri."

"Chomera si malaya oti tiyanike."

"Za malaya sananene."

Ndinalowa kukhitchini n'kutuluka ndi ketulo yodzaza madzi. Mlamu anadzambatuka n'kutambasula manja.

"Imani pomwepo! Mukupita kuti ndi ketulo?"

"Pakhonde panga."

"Khonde ndi lanu, sindikukana. Koma madzi asayandikire."

"Pang'ono pokha."

"Pang'onopo ndi pa chiyani?"

"Pa madzi."

"Ndiye ayi."

Ndinadzera kumanzere, iye kumanzere. Ndinadzera kumanja, iye kumanja. Nditakweza ketulo kuti ndithire modutsa paphewa pake, anatola ambulera kuseri kwa chitseko n'kuitsegula pamwamba pa alovera.

"Alamu, kulibe mvula."

"Mvula kulibe, koma inu mulipo."

"Muima choncho mpaka liti?"

"Mpaka aume. Aa, kuima ndiye ntchito yanga. Ndimalondera geti loti palibe angalinyamule, ndilephere apa?"

"Mukutuluka thukuta. Lidonthera pamasamba."

Analumphira kumbuyo, dzanja la ambulera lili chitambasulire, n'kudzipukuta kumaso ndi chipewa.

"Zikomo, alamu. Mwaona? Tayamba kugwirizana."

"Sitinagwirizane. Afa ndi ludzu. Anazolowera kumwa."

"Kumwa kangati?"

"M'mawa uliwonse."

"Uliwonse?"

"Ndi madzulo, kukatentha."

"Mayo ine! N'chifukwa chake akununkha ngati chidebe cha mopu. Wogulitsa uja wati uyu amasunga madzi ake m'masamba. Amamwa dothi likauma gwa. Inu mwamumiza, alamu."

"Wogulitsa sanakhale m'nyumba muno. Achemwali anu ankathirira tsiku lililonse."

"Achemwali?"

"Iwowo. Ankatuluka ndi kapu m'mawa. Pobwera, m'kapu mulibe kanthu."

"Munawaona akuthira?"

"Ndinkamva chitseko."

"Chitseko sichithira madzi. Munawaona?"

"Ndinkakhala mkati, pa wailesi."

"Ine ndinkawaona, chifukwa ndinkadutsa pano pochokera kuntchito. M'kapumo munkakhala tiyi."

"Ankamuthira tiyi?"

"Ankamwa okha, alamu. Wamkaka."

Ketulo inayamba kundilemera. Ndinaisinthira dzanja lina. Mlamu anasuntha ambulera kutsatira ketuloyo.

"Nanga nthawi yonse ija ankatani pamenepa?"

"Ankacheza naye."

"Ndi chomera?"

"Ee. Za ana, za bondo lawo lija, za aneba. Koma makamaka za inu."

"Ine ndili m'nyumba momwemu?"

"Muli momwemu."

"Bwanji osandiuza ineyo?"

"Nanenso ndinawafunsa choncho. Anati nonse awiri simuyankha, koma alovera sakweza wailesi."

Ndinaika ketulo pansi. Mlamu anaikankhira kutali ndi phazi, pang'onopang'ono, akundiyang'ana.

"Ankati chiyani za ine?"

"Kaya."

"Kaya bwanji? Munalipo."

"Ndinalipo, koma sankauza ine. Ine sindimvetsera za eni. Mufunseni yemwe ankauzidwayu."

Ndinayang'ana alovera ali gone pa nyuzipepala, mizu ili pamtunda. Masamba akunja anali atafeweratu. Apakati anali olimba ndithu.

"Achira?"

"Wogulitsa wati achira mukamusiya. Mchenga wambiri, mphika woboola pansi, madzi mwa apo ndi apo. Ndipo wati mwini wake akhale woiwalaiwala. Pamenepo ndiye ndada nkhawa, chifukwa inu simuiwala."

Ndinatola ketulo n'kubwerera kukhitchini. Patapita kanthawi ndinatuluka ndi kapu ndi kampando. Mlamu ataona nthunzi anakuwa.

"Aa, aa, aa! Otentha ndiye oipitsitsa!"

"Ndi tiyi."

"Wa ndani?"

"Wanga."

Anasuzumira m'kapu, ananunkhiza, n'kundilola kudutsa. Ndinakhala pafupi ndi nyuzipepala ija n'kumwako kamodzi. Ndinatsokomola. Mlamu anaima chiimire pambali panga, ambulera ili m'mwamba.

"Alamu, tsekani chimenecho."

"Mukataya tiyi?"

"Sinditaya."

Anatseka, koma sanasunthe. Ndinatsokomolanso.

"Mukufuna kunena kanthu, alamu? Nenani, ndikumva."

"Si zanu."

"Nanga ndi za ndani? Tilipo awiri pano."

"Tilipo atatu. Lowani m'nyumba mukakweze wailesi."