Chitenje cha Amayi pa Chithunzi Changa

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero ndikuuzeni za mantha amene ndinabweretsa m'nyumba mwathu ndi manja angawa, ndili mtsikana wa Fomu 3, nthawi ya chipani chimodzi.

Boma linalengeza mpikisano wa zojambula wa ana a sekondale, woonetsa Amalawi ali pa ntchito. Ine podzimva ukatswiri ndinajambula amayi anga akugulitsa tomato mumsika wa Limbe. Ndinawajambula momwe ndinkawaonera tsiku lililonse: atakhala pansi, atavala chitenje cha chipani chokhala ndi nkhope ya Mtsogoleri wa dziko. Nkhopeyo inali pomwe amayi anakhalira, theka lake litapsinjika pansi. Aphunzitsi anatolera zithunzi mothamanga, n'kuzitumiza ku holo ya m'tauni osaziyang'anitsitsa.

Nditawafotokozera abambo monyada, anasiya kupolisha nsapato zawo n'kundifunsa kuti nkhopeyo ndati ili pati. Abambo ankagwira ntchito ku njanji, makolo awo anachokera ku Mozambique kotero boma likanawakayikira msanga, ndipo dzina la banja lathu linali kuseri kwa chithunzicho. Masiku amenewo munthu ankatengedwa pa nkhani yochepa kuposa iyi, osabwerako. Kukachipempha chithunzicho kukanangoutsa mafunso.

Galimoto ikaima pafupi ndi kwathu ku Soche, amayi ankagwira pamtima. Abambo anayamba kupita ku ntchito atavala majuzi awiri, kuti akawatengera komweko asakazunzike ndi chisanu. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa ndodo. Manja anga ndinadana nawo. Pemphero langa linali limodzi, loti Mulungu awachititse khungu oweruza a mpikisanowo.

Mulungu sanachititse khungu aliyense. Anatsegula maso a munthu amene tinkamuopa kwambiri, a Nachisale, wapampando wa amayi a chipani kumsika, omwe anawathamangitsapo amayi chifukwa chopanda khadi la chipani. Ndiwo anatumidwa kukakongoletsa holoyo oweruza asanafike. Loweruka masana tinangowaona atulukira pakhomo pathu, amayi n'kuwapatsa mpando. Mpando anaukana, ndipo m'dengu mwawo anatulutsamo pepala lokulunga.

"Iwe mtsikana, dzanja uli nalo, mayi akowa ndawazindikira ndili patali," anatero. "Koma chithunzi ichi ku holo sichinafikeko, wamva? Nanenso ndimakhalira pomwepo tsiku lonse, kungoti palibe anandijambulapo."

Anatembenuka n'kumapita, ngakhale madzi osamwa. Amayi anakhala pansi n'kuyamba kulira.

Ku mpikisanowo dzina langa silinamvekeko n'komwe, koma ndimayamika Mulungu mpaka lero. Inu amene mukugona ndi mantha, musaleke kupemphera, ndipo musamusankhire Mulungu munthu woti amutume. Lolemba m'mawa ndinaima pakhomo kuwayang'ana abambo akupita ku ntchito, atavala juzi imodzi.