Chipsera Changa ndi Mawu a Amayi Anga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mumawerenga pano. Dzina langa ndine Esitere. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndimagwira ntchito pa loji ina kufupi ndi Kande. Ndikufuna ndikuuzeni za matenda amene ndadwala zaka zambiri popanda wondipatsa mankhwala, matenda odziona ngati munthu wachabechabe.

Ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi ndinagwera pamoto, ndipo tsaya langa lakumanzere linapsa mpaka kukhutu. Balalo linapola m'miyezi itatu, koma amayi anga sanandionenso ngati kale. Alendo akabwera ankandituma kudimba ngakhale kulibe chokachita. Pa ukwati wa achimwene anandiuza kuti ndikhale kukhitchini kuti ndisawononge zithunzi. Ine ndi mng'ono wanga Rute tinakhoza limodzi mayeso a Sitandade 8, koma fizi inapezeka ya mmodzi, ndipo amayi sanachedwe kusankha. Anati, "Apite Rute. Iweyo ndi nkhope imeneyo, ndi ofesi iti ingakulembe?" Bambo anali pomwepo akukonza njinga, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

Mawu amenewo ndinawakhulupirira. Msuweni wanga, amene anali namwino ku Chintheche, anandiitana kuti ndizimulerera mwana, ndipo iye atasamutsidwa ine ndinatsala nditapeza ntchito yochapa ndi kusita pa loji ija. Tsiku loyamba bwana anandiuza kuti ndisamadutse kumene alendo amadyera, ndizizungulira kuseri kwa matanki a madzi. Abale, ndinamuthokoza. Mumtima ndinkati wachita bwino kundiuziratu. Kenako ndinakwatiwa ndi kondakitala wa minibasi, amene tikangosemphana ankandikumbutsa kuti anandikwatira mondimvera chisoni. Patatha zaka zinayi anapita kwa mkazi wina, ndipo amene anapepesa ndine.

Kutchalitchi ndinasiya. Abusa akamalalikira kuti tonse tinalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu ndinkapsa mtima, chifukwa ndinkaona kuti mawuwo ndi a anthu osalala nkhope. Chakudya chinasiya kundikomera, ndipo ndinayamba kulakalaka imfa. Tsiku lina masana, ndikusita nsalu za pabedi, ndinaika simbi pansi n'kupemphera mwaukali. Ndinati, "Ambuye, ngati muli nane ntchito, ndionetseni. Ngati mulibe, nditengeni, ndatopa."

Patadutsa masiku anayi, Anyamanda, mayi wachikulire wachitonga amene ankabweretsa nsomba ndi masamba pakhomo la kuseri, anandiitanira pambali. Anati, "Mwana wanga, mdzukulu wanga Tamala anapsa ndi mafuta a mandasi. Sukulu wakana, panja satulukanso. Ife tayankhula, talephera. Tiye ukamuone." Ndinakwiya kwambiri. Ndinaona ngati akufuna kukandionetsa kwa mwana kuti aone wina woipitsitsa kuposa iye. Ndinangovomera poti munthu wamkulu sakanidwa pamaso.

Lamulungu ndinapita. Tamala anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinamupeza pakona atadzifunditsa chitenje kumutu. Ndinakhala pamphasa pafupi naye. Patapita nthawi anasuzumira, anayang'anitsitsa tsaya langa, n'kuligwira ndi zala. Kuyambira ndili mwana panalibe amene analigwirapo. Anandifunsa m'Chichewa chake cha kusukulu ngati ndinapitiriza maphunziro ndili chonchi. Ndinati ayi. Anafunsanso ngati chinandiletsa ndi chipseracho.

Ndinatsala pang'ono kuvomera monga ndinkachitira nthawi zonse, koma ndinaona kuti ndikatero mwanayu sadzatulukanso m'nyumba. Ndinati, "Ayi, mayeso ndinakhoza. Anandiletsa ndi anthu." Aka kanali koyamba kuti mawu amenewa atuluke pakamwa panga. Ndinalira mpaka Anyamanda analowa kudzaona chachitika. Ndipamene ndinazindikira kuti moto unangowotcha khungu, koma amene anandiphunzitsa kudzinyoza ndi amayi, bambo ndi chete wawo uja, bwana ndi mwamuna, ndipo ine ndinkangovomereza.

Lolemba m'mawa ndinamuperekeza Tamala kusukulu. Tinayenda m'mbali mwa msewu waukulu, ine osakokera duku patsaya monga ndinazolowerera. Ana ena anatiloza, wina anaseka, koma tinafika ndipo analowa m'kalasi. Ndinamuperekeza sabata yonse, mpaka anandiuza yekha kuti azipita ndi anzake.

Musaganize kuti zonse zinakoma. Nditawaimbira foni amayi n'kuwauza zimene mawu awo anandichita, anangoti, "Ndinkakuteteza kuti anthu asakuseke." Mpaka lero sanapepese. Rute ndi mphunzitsi, ali ndi nyumba yamalata ndipo adzalandira penshoni. Ine pa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu ndili Folomu 2 pa sukulu ya masana, ndimakhala benchi limodzi ndi ana oti ndikanawabereka. Zaka zimene ndinataya sizidzabwerera, ndipo pali masiku amene zimandiwawabe ngati zachitika dzulo.

Komabe ndikuthokoza Mulungu kuti ndili moyo, ndinabwerera kutchalitchi, ndipo anandiyankha kudzera mwa mayi wogulitsa nsomba ndi mwana wovulala, osati mwa anthu amene ndinkayembekezera. Makolo, samalani zimene mumanena pamaso pa ana, chifukwa mwana sadziwa kuti kholo limalakwitsa. Inu amene mumadzida, khalani pansi mudzifunse kuti anayamba kukuuzani zimenezo ndani, ndipo musasiye kupemphera ngakhale pempherolo likhale laukali ngati langa.

Mundikumbukire m'mapemphero. Mwezi wamawa ndikupita ku Ntcheu, amayi akudwala ndipo woti awasamale ndine. Sindikudziwa ngati ndikatha kuwasambitsa ndi mtima woyera, koma ndipita.