Tebo ya a Cheyamani Ikana Kumvera

M'chaka cha 1988, a Whiteson Mwanza, cheyamani wa chipani ku Chowa, adagula galimoto yakale yokhala ndi tebo mu injini kwa mzungu wa kumgodi amene ankabwerera kwawo. Mawa lake inali yoti itsogolere mdipiti wokalandira bwanamkubwa, koma mtima wawo sunali m'malo, ndiye adaiimika pansi pa mtengo wa makanika Zephaniah, munthu amene mawu ankawatenga monga momwe agwera.

"Iwe Zefa, motoka iyi ili na mwano," adatero a Mwanza, akumenyetsa chitseko. "Nikaponda moto, iyamba yaganiza. Lero pa njanji yanichititsa manyazi, wanjinga ananipitirira!"

"Siiganiza, ba Cheyamani. Iyembekeza."

"Iyembekeza ndani, ine nakamba kale? Ifunse!"

Zephaniah adawerama pa injini. "Uyembekeza ndani?" Adatchera khutu, kenaka n'kudzuka. "Siinayankhe."

A Mwanza adamuyandikira. "Nanga aituma ndani?"

"Utsi. Tebo ni kachipupiza kopopera mphepo mu injini. Kuti kazungulire, kamakankhidwa na utsi wochokera kumbuyo. Utsi ukachepa, kagona."

"Ndiye kuti motoka yanga imvera za kumbuyo, osati za ine nili kutsogolo?"

"Ni mwamene."

A Mwanza adayang'ana uku ndi uku, kuopa kuti wina wamva. Wachiwiri wawo anali atayamba kale kunong'oneza anthu kuti mkuluyo mphamvu zamuthera. Akakatsalira m'mbuyo mawa pamaso pa bwanamkubwa, mpando wapita.

"Konza manje manje."

"Njira zilipo. Yoyamba, mukafuna liwiro, muzitsika giya."

"Kutsika? Ine? Zaka naini nakhala nikukwera!"

"Si imwe, ni giya. Kuchoka pa folo kubwera pa thuu."

"Pa thuu pakhale wachiwiri wanga. Ina!"

"Tiikemo tebo yaing'ono. Yaing'ono siichedwa kuuka."

"Ati chani? Anthu amve kuti cheyamani anamuchepetsa? Ufuna azimayi a pamsika aniimbe nyimbo?"

"Sazaiona. Ikhala mkati."

"Mkazi wanga azaulula. Ina!"

Zephaniah adapukuta manja pa ovolosi, n'kuzungulira kumbuyo kwa galimoto. "Ekizozi iyi, paipi ya utsi, yatsekeka na mwaye. Tikaitsegula kukamwa, utsi uzituluka momasuka, tebo izayankha msanga."

"Shhh! Momasuka?" A Mwanza adamukoka mkono. "Mwana wa ku Petauke iwe, ufuna tikagone kuselo? Aliyense akatsegula kukamwa, dziko lizayenda?"

"Dziko siniziwa. Koma motoka izayenda."

"Palibe kutsegula, palibe kutsika, palibe kuchepetsa! Wamva?"

"Namva. Ndiye muzichita kuyamba kuponda moto kukali nthawi, musanafune liwiro. Muipatse mpata ikoke mpweya."

"Ine nizipempha chilolezo kwa chitsulo?"

"Masekondi awiri chabe."

Apa a Mwanza adafika pomwe ankafika nthawi zonse pamisonkhano wina akafunsa funso. Adakweza chala m'mwamba, mawu n'kukhala a pansanja.

"Kuchipani, wochedwa kumvera sitimunyengerera. Timuchotsa! Chotsa tebo iyo, uitaye uko!"

"Nichotse yonse?"

"Yonse! Ukachotsa, kuchedwa kuzatha?"

Zephaniah adaganiza pang'ono, poti sankafuna kunama. "Kuzatha."

"Waona!" A Mwanza adaseka mpaka mimba kugwedezeka, akudzimenya pachifuwa. "Zaka zonsezi na masipanala yako, nzeru wakupatsa ni ine. Ndiye mawa nikaponda, mphamvu izabwera pamene apo?"

"Awe, ba Cheyamani," adatero Zephaniah, akusankha sipanala mosafulumira. "Siizachedwa chifukwa siizabwerako. Koma mtima pansi: motoka izakumverani bwino kwambiri, ili kumbuyo kwa onse."