Makilo Awiri pa Thumba ndi Dzina la Mayi Tamiwe Daka

Malemu athu, Mayi Tamiwe Daka, anabadwa pa 9 Novembala 1976 kuno ku Madzimoyo, m'banja la Aphunzitsi Enoch Miti, amene anatsogola kale, ndi Amayi Jesca Miti, amene akhala pamphasa apowa. Anali achitatu mwa ana asanu. Ine amene ndapatsidwa pepalali ndine Lazarus Miti, mlongo wawo wamkulu. Abusa, akulu a mpingo, mafumu, ndi nonse amene mwabwera kudzatikhuza, banja landituma kuti ndiwerenge mbiri yonse, ndi pamene pakuwawa pomwe. Ndiye mundipirire.

Sukulu anayamba mu 1983 pompano, ndipo mu 1990 anasankhidwa kupita kusekondale ya atsikana ku Katete. Chiyambire ubwana wawo sanali munthu womuuza chinthu n'kungogwedeza mutu. Akatumidwa kuchigayo ankachedwa, ali kalikiliki kufunsa wachigayo chifukwa chake chimanga chalowa chodzaza ndowa koma ufa watuluka woperewera. Bambo athu ankati mwana uyu tsiku lina adzatimangitsa. Ankanena akuseka, koma ankamunyadira.

Mu 1996 anapita kukoleji ya utolankhani ku Lusaka, ndipo mu 1999 analembedwa ntchito panyuzipepala ina kumeneko. Anawaika pa nkhani za malonda ndi zachuma, zimene anzawo ankazithawa ati n'zogonetsa tulo. Iwo anakhalapo zaka khumi ndi zinayi. Ankalemba za mabanki, za mitengo ya feteleza, za makampani ogula thonje ndi fodya. Kampani ikaitana atolankhani kuhotela, malemu ankapita, koma chakudya sankadya ndipo envulopu ya ndalama imene amagawa pakhomo ankaibweza. Ankanyamula kope kulikonse, n'kumalembamo tsiku, ola, ndi amene wanena mawuwo. Lamulo lawo linali limodzi: nkhani imene yamveka kwa munthu mmodzi yekha si nkhani, mpaka wachiwiri wosagwirizana ndi woyambayo aivomereze. Adani anapeza ambiri, koma palibe anawatengerapo kukhoti n'kupambana.

Pa 16 Ogasiti 2003 anamanga ukwati woyera ndi Bambo Simoni Daka a ku Mtenguleni, mphunzitsi wa masamu, ndipo Mulungu anawapatsa ana awiri, Pemphero ndi Chisomo. Alamu athuwa ndi munthu wofatsa. Tinkawaseka kuti anakwatira mkazi amene ukamuuza kuti kunja kukugwa mvula amayamba watsegula zenera.

Mu 2013 anasiya nyuzipepala. Anali atalemba kwambiri za kutumiza ndalama pafoni, mpaka anayamba kufuna kudziwa mmene zinthuzo zimapangidwira. Anabwerera kusukulu ali mayi wa ana awiri, n'kuphunzira kayendetsedwe ka ntchito zopanga mapulogalamu apakompyuta. Mu 2015 anabwera ku Chipata kudzagwira ntchito pakampani ya Dengu, ndipo patapita zaka ziwiri anawaika kukhala mkulu wa mainjiniya asanu ndi anayi.

Ntchito ya gululo ambiri a inu mukuidziwa, ngakhale simunaonepo ofesi yake. Mukapita ndi mtedza kapena soya kudepoti, thumba likakwera pasikelo, foni yanu imalira n'kukuuzani makilo anu. Pulogalamu imene imatenga nambala pasikelo n'kuifikitsa pafoni panu inapangidwa ndi gulu la malemu. Iwo ankati akufuna kuti mlimi asamadalire pakamwa pa kalaliki. Chaka chilichonse ankakweza mainjiniya awo m'minibasi n'kubwera nawo kuno kudzaima padzuwa padepoti, kuti aone nkhope za anthu amene akuwapangira zinthu. Bwana wamkulu akafuna kuwagwiritsa ntchito Lamulungu, malemu ndiwo ankawakanira. Anyamata ndi atsikanawo ankawatchula kuti a Edita, ngati mkonzi wa nyuzipepala, chifukwa cha kubweza ntchito ya munthu kanayi.

Paofesipo anaikapo lamulo lakuti munthu asasinthe kanthu m'pulogalamu payekha. Wina alembe, wina awerenge, kenako iwo avomereze ndi kiyi wawo. Kiyiyo anali kachipangizo kakang'ono konga fulashi, kamene ankakamangirira pamodzi ndi makiyi a kunyumba. Kakalowa m'kompyuta, makinawo amalemba kuti Mayi Daka avomereza, ndi tsiku lake ndi ola lake. Lamulo linali labwino, ndipo lomwelo ndi limene anthu ena anawakolera nalo.

Kumayambiriro kwa 2024 anayamba kudandaula m'mimba. Madokotala anapeza chotupa, nati achitidwe opaleshoni pa 14 Meyi. Imeneyo ndi nyengo imene misika ya mbewu imatsegulidwa, ndipo popanda kiyi wawo ntchito ikanaima milungu itatu. Pa 13 Meyi malemu anachotsa kachipangizo kaja pamakiyi awo, n'kukaika mu envulopu, n'kutsekera m'kabati ya muofesi, kuti pakagwa vuto lalikulu gulu lisasowe pogwira. Anthu amene anaona pamene envulopuyo inaikidwa anali anayi a m'gulu lawo. Munthu amene sankakhulupirira ngakhale wachigayo anakhulupirira ana amene anawalera yekha pantchito, ndipo ine mpaka lero zimenezi zimandipweteka.

Mukukumbukira mmene chaka chimenecho mvula inatichitira. Amene anakolola matumba anayi anali wamwayi. Ndiye mu Juni ndi Julaye munayamba kuona kuti thumba limene mwaliyeza kunyumba likufika pafoni litachepa makilo awiri. Mukafunsa kudepoti ankati makina akuchotsera chinyontho. Chinyontho chanji m'chaka cha chilala, mtedza wouma gwa? Mu Ogasiti zinaululika kuti pulogalamu inasinthidwa kuti izidula makilo awiri pa thumba lililonse, louma ndi lonyowa lomwe, ndipo pamalo a wovomereza panali dzina la Mayi Tamiwe Daka. Pa 6 Seputembala kampani inawapatsa kalata yowachotsa ntchito.

Kalatayo ndi iyi ili m'manja mwangamu. Ikunena yokha kuti kusinthako kunavomerezedwa Lachiwiri pa 14 Meyi 2024, nthawi ya 10:20 m'mawa. Pepala lina ili ndi la kuchipatala. Likunena kuti tsiku lomwelo malemu analowa m'chipinda cha opaleshoni 9 koloko m'mawa, n'kutuluka 1 koloko masana asakudziwa ngakhale dzina lawo. Foni yawo ndi chikwama chawo zinali pamiyendo ya Bambo Daka pabenchi panja. Ine sindine injiniya, ndinaphunzitsa giredi sikisi moyo wanga wonse, koma mawotchi awiriwa ndimatha kuwawerenga. Akampani ataonetsedwa mapepalawa anayankha kuti kiyi ndi wa mwini wake, ndipo kumusiya m'kabati ndi mlandu paokha. Za amene anatsegula kabatiyo sanafunse. Za kumene makilo aja anapita sanafunsenso. Kampani imene imadziwa ola ndi mphindi imene kiyi analowa m'kompyuta ikuti siikudziwa kompyuta yake inali ya ndani.

Zimene zinatsatira mukuzidziwa kuposa ine, chifukwa zinachitika pakati panu. Kuchitsime kunamveka kuti mwana wa a Miti wamanga nyumba ku Chipata ndi mtedza wa amasiye. Amayi athuwa, a zaka 79, nawonso anagulitsa matumba atatu padepoti yomweyo, nawonso anadulidwa makilo asanu ndi limodzi. Koma Lachinayi lina atalowa kumsonkhano wa Chigwirizano, amayi amene anaimba nawo zaka makumi anayi anasendera kumapeto kwa benchi. Kuyambira tsikulo amayi athuwa sanapondenso kutchalitchi. Sindikunena izi kuti ndikuchititseni manyazi. Munaberedwa zoona, ndipo dzina limene anakupatsani ndi limene munalitukwana.

Ife abale tinawakakamiza malemu kuti atchule munthu. Tinati anzanu akale a kunyuzipepala alipo, imbani foni imodzi yokha nkhaniyi iphulike. Iwo anakana. Anatiuza kuti mmodzi wa muofesi anawanong'oneza dzina, koma munthuyo akuopa kuonekera. Mu Januwale chaka chino, matenda atabwereranso, ndinakwiya nawo pabedi la m'chipatala, Mulungu andikhululukire. Anandiyang'ana nati: "Achimwene, ndili ndi mboni imodzi yokha. Ndikatchula dzinalo n'kupezeka kuti si iyeyo, ndiye kuti ndamuchita zimene andichita ine." Dzinalo sanatiuze, ngakhale amuna awo.

Anamwalira Lachinayi pa 6 Malichi 2025, nthawi ya 11 koloko m'mawa, kuchipatala ku Chipata, ali ndi zaka 48. Matenda amene anawatenga madokotala anatiuza, ndipo sitikunena kuti pali munthu anawapha. Tikungonena kuti anakhala miyezi yawo isanu ndi umodzi yomaliza akudziwa kuti kwawo akutchedwa wakuba.

Tsopano imvani ichi. Thupi lisanachoke n'komwe m'wodi, 2 koloko masana, galimoto ya kampani inali itaima kale pakhomo pa malemu. Chichotsedwere ntchito, galimotoyo inali isanaonekepo, ngakhale kudzazonda wodwala. Amene anabwera nayo anapepesa mwaulemu, kenako anafunsa za makope a malemu, ati mungakhale zinsinsi za kampani. Lachisanu anabweranso, ulendo uno atanyamula uthenga wakuti agula bokosi, n'kufunsanso za makope omwewo. Koma abale! Galu wamkota sakandira pachabe. Tinawayankha monga mwa mwambo wathu, kuti katundu wa womwalira sakhudzidwa mpaka titameta. Bokosi tagula tokha. Makopewo alipo makumi atatu ndi limodzi, ali m'sutikesi yokhoma, ndipo kumene ili si kunyumba kwa malemu, si kwanga, si kwa amayi. Tsiku lometa likadzapita idzatsegulidwa masana, pamaso pa Abusa, mafumu, ndi alimi awiri amene mudzasankhe nokha. Zimene zili m'menemo ifenso sitikuzidziwa.

Malemu asiya amuna awo Bambo Simoni Daka. Ana awiri, Pemphero amene ali chaka chachiwiri kuyunivesite ndi Chisomo amene akulemba giredi thwelofu chaka chino. Amayi awo owabereka. Alongo awo awiri ndi ang'ono awo awiri.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa mpaka pomaliza. Likuthokoza atolankhani anzawo amene achoka ku Lusaka, aphunzitsi anzawo a Bambo Daka, ndi Abusa amene sanaleke kupita kukawaona amayi kunyumba. Likuthokoza amayi a Chigwirizano amene akhala nafe pasiwa kuyambira Lachinayi. Tinakuonani mukulowa, ndipo tikudziwa kuti sikunali kopepuka. Likuthokoza adzukulu amene akumba manda, ambiri mwa iwo anthu amene anadulidwa makilo. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Chotsala ndi chimodzi. Anthu anayi amene anaona envulopu ikulowa m'kabati onse ali pano, ndipo mayina awo sinditchula. Atatu mwa iwo mwina alibe mlandu, ndipo kwa atatuwo tikuti pepani. M'mawa uno anayiwa atumiza pempho kuti aloledwe kunyamula nawo bokosi kuchoka pano kufika kumanda. Ife amuna tinafuna kukana. Tinapita kukawafunsa amayi, ndipo iwo anati: "Alekeni amunyamule mwana wanga. Ine ndiziyenda pambuyo pawo."

Choncho nyimbo ikayamba, anayi inu bwerani kutsogolo, ndipo nonse muwapatse njira amayi.

Mayi Tamiwe Daka, mlongo wanga, nkhani munaisiyayi yatsala m'manja mwa amoyo. Ambuye amene munawatumikira akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.