Matenesi a ku Shedi ya Mufakose

Olemekezeka abusa athu, Bambo Lawson. Olemekezeka wapampando wa bungwe lathu la maliro muno mu Mufakose, Bambo Luka. Mayi Tecla ndi amayi nonse amene munasenza njerwa kuti shedi iyi iime, ndikukuthokozani. Anzanga amene tinachotsedwa ntchito ku fakitale. Ndi inunso bambo wapolisi amene mwaima pakhomo kuti mumve ngati tikukamba za nkhondo, lowani mukhale pansi. Lero tikukamba za nsapato.

Wapampando anandipempha kuti ndidzalankhule mawu olimbikitsa. Ndinawauza kuti akafune wina, anakana. Ine Alufandika sindinapite kusukulu, kuwerenga ndinaphunzirira pa makatoni a nsapato, ndipo mawu okometsera sindiwadziwa.

Ndinafika ku mafakitale a ku Southerton kuchokera ku Dedza wopanda nsapato kuphazi, ndipo ndakalambira pa lamba woyendetsa nsapato wa fakitale ija. Ndikuuzeni mmene tenesi imapangidwira, poti ana athu amayesa imamera m'sitolo. Wina amadula kanvasi pa makina, wina amasoka zidutswazo, wina amaboola timabowo ta zingwe. Wina amakokera nsaluyo pa chikombole cha chitsulo chooneka ngati phazi. Ine ndinali wopaka guluu, uja wonunkha amene anatimaliza zifuwa. Wina amamata soli ya mphira, kenako zonse zimalowa mu uvuni kuti mphira igwire. Lamba saima. Ukangocheuka kuti uone zimene mnzako akuchita, kapitawo ali kale pamsana pako. Tinkadzitama m'mabawa kuti ndife opanga nsapato. Bodza! Aliyense ankadziwa kachidutswa kake basi.

Mphira itayamba kusowa chifukwa cha masankishoni, mayiko akunja atasiya kuchita malonda ndi dziko lino, oyamba kutulutsidwa pageti tinali ife a ku Malawi ndi anzathu a ku Tete. Ndipo nonse mukudziwa kuti nyumba ya manisipala imatsata ntchito: ukakhala lova, Katsekera, woyang'anira nyumbazo, amabwera ndi loko, katundu panja. Kumudzi tibwerera bwanji, msewu uli ndi mabomba, ana athu akulota m'Chishona? Choncho tinagwirizana kuti aliyense abweretse kachidutswa kake, tipange tenesi yathuyathu.

Bambo Lameki, imirirani akuoneni. Musawerame, si mlandu wanu. Bambo awa ndi amene tinawatuma kukasankha zikombole pa mulu wa zitsulo zotayidwa, poti moyo wawo wonse akhala akukoka kanvasi. Anasankha mosamala, anazikwecha mpaka kuwala. Sabata yatha tinayesa peyala yoyamba. Nayi, ndaikweza. Yang'anitsitsani. Zonse ziwiri ndi za kumanzere.

Musaseke! Woseka atuluke pano! Ku fakitale a Lameki anawaimika mbali imene kunkadutsa za kumanzere zokhazokha. Za kumanja ankakoka ndi a Cornélio kutsidya kwa lamba, ndipo a Cornélio tinawaika m'manda chifuwa chitawatha. Pamulu paja, manja a Lameki akagwira chikombole cha kumanja ankamva kuti n'chopindika, n'kuchitaya. Titathamanga kukafuna, zitsulo zonse anali atapita nazo kokasungunula. Umu ndi mmene anatiumbira eni fakitale aja: munthu wa imvi, wa luso, wosajomba ngakhale tsiku la maliro, koma wodziwa phazi limodzi.

Mayi Paulina, mkazi wawo, anandiimitsa pa mpope dzulo nati, "Inu a Alufandika, pakamwa panu sipatsekeka, ndiye tandiuzani, ana ndiwauze chiyani?" Mayi, zoona zake ndi izi. Uvuni tilibe, soli tikuiwotcha pa mbaula ndipo ikumatuka munthu asanafike pa siteshoni ya basi. Sindikulonjezani kuti shedi iyi idzaona Khirisimasi. Sindikulonjezani kuti Katsekera adzaiwerengera ngati ntchito.

Chatsala n'chochepa: kusoka zong'ambika, kumata zomatuka. Bweretsani matenesi anu akale, ngakhale onunkha bwanji, tidzawagwira. Ndipo inu a Lameki, mawa mukhale pabenchi ndi mpeni ndi chipika cha mtengo. Muvule nsapato ya kumanja, muyang'ane phazi lanu lomwe, museme chikombole chake. Chikatuluka chokhota, mutenge chipika china. Katsekera akadzabwera ndi loko wake, adzakupezeni muli pantchito.

Mtima wanga suli m'malo, koma ndinatumidwa, ndiye ndikulengeza kuti shedi iyi yatsegulidwa. Zikomo kwambiri.