Miyendo ya makapasita ndinaidula msanga

Kale lija, mafoni asanabwere, pamene munthu wa wailesi ya mabatire anayi ankalemekezedwa mu Ndirande muno ngati mwini galimoto, ine ndinkagwira ntchito pakafakitale kena kolumikiza mawailesi. Iwe Tiyamike, tazimitsa kaye kampweya kotenthako, ndisamakuwe ngati ndili pamsika.

Inu okonza mafoni lero tizipangizo tanu tilibe miyendo, tili ngati chitowe, mumangotigoneka pamwamba pa bolodi n'kutiuzira mpweya, koma ife kachipangizo kalikonse kanali ndi miyendo yawaya, ndipo bolodi linali lobowolabowola ngati sefa. Umalowetsa miyendo m'mabowo, kuipinda kuseri, kutembenuza bolodi, kuwotcherera ndi mtovu, ndipo pomaliza m'pamene umadula zotsalazo. Pomaliza, mwamva?

Tinali amayi okhaokha pabenchi, ndipo wachangu kuposa onse ndinali ine. Bambo a Dalitso anali atatisiya, ana atatu akuyang'ana ine, ndiye ntchito imeneyo inali denga lathu. Koma kulemba sindinkadziwa, ngakhale dzina langa. Tizipangizo totchedwa marezisita ndinkatidziwa ndi mikanda yake yamitundumitundu, mabowo ndinkawaloweza pamtima, ndipo palibe ankandiposa.

Chimene chinkanditopetsa n'kudula mwendo umodziumodzi pomaliza. Tsiku lina ndinati zachibwana izi, ndinatenga makapasita, aja ooneka ngati timigolo, kuwagwira m'manja ngati ndiwo zamasamba, n'kuwadula onse pamodzi mofanana ndisanawalowetse. Nachisale, mnzanga wa pambali, anati, “Amwali, mukuthamangira maliro a ndani?” Ine ndinati, “Inu pitirizani kusisita bolodi ngati khanda.”

Safunsa anadya phula, ana inu. Kapasita wotere ali ndi mwendo wautali ndi waufupi, ndipo wautaliwo ndi umene umakuuza mbali yolowetsera. Manja anga ankatsata zimenezo masiku onse osadziwa chifukwa chake, tsono nditaifananitsa miyendoyo ndinkangolowetsa mmene zabwerera.

Mawa lake poyesa, wailesi yoyamba inangoti phuu! Kautsi konunkha, timapepala tili mbwee patebulo. Yachiwiri chimodzimodzi. Akapitawo athu, a Fombe, bambo a ku Nsanje osakonda kukweza mawu, anazimitsa magetsi n'kubwera ndi thireyi yonse pamalo panga.

“Mayi a Dalitso, abwana amva kuphulikako ali mu ofesi. Akuti mwini thireyi iyi asabwerenso mawa.”

Ndinati, “Bambo, ana ndikawauza chiyani?”

Anatola kapasita mmodzi. “Kamzere aka kam'mbali mumakaona? Nanga kachizindikiro aka pabolodi?” Ndinati ndimaona, koma ndinkayesa zokongoletsa. Apo anandionetsa kuti mwendo wa kukamzere sulowa kubowo lachizindikirolo. Anati, “Abwana apita ku Limbe, abwera thu koloko. Muchotse makapasita onsewa muike atsopano, ndipo wailesizi zikakhala zikuimba zonse, ine ndikawalankhula. Ikangotsala imodzi, pakamwa panga palibe mawu.”

Tsono kuchotsa n'kovuta kuposa kuika. Ukafulumira kukoka, mtovu usanasungunuke, umazula kanjira kamkuwa ka pabolodi, ndipo ukachedwetsa chitsulo chamoto, kanjirako kamatukuka ngati khungu lopsa. Ine amene sindinkatha kudikira ngakhale madzi kuti awire, ndinakhala pamenepo kuwerenga mumtima, modzi, wiri, tatu, kenako kukoka pang'onopang'ono. Anzanga anapita kukadya, Nachisale anatsala akundisankhira makapasita atsopano, uku akunditonza, “Lero mukusisita khanda ndinu.” Ine ndinangopitiriza kukoka, thukuta lili kamukamu. Bolodi limodzi ndinalizuladi kanjira, ndipo mtima unagwa, koma ndinalumikiza ndi kawaya kuseri, mwaukhondo, a Fombe ataima pambuyo panga.

Galimoto ya abwana imalowa pageti ife tikuyesa wailesi yomaliza. Wailesiyo inayamba kaye yalira shiii, ndiye a Fombe anapotoza kagudumu kosakira siteshoni, mwadzidzidzi munthu akulengeza uthenga wa maliro a ku Mulanje. Ambuye andikhululukire, sindinasangalalepo ndi uthenga wa maliro ngati tsiku limenelo. A Fombe analowa mu ofesi, ndipo potuluka anangoti, “Mawa seveni koloko. Koma Lolemba mukayambe sukulu ya kwacha ku tchalitchi, sindifuna munthu woona zizindikiro ngati maluwa.” Ndinapitadi, mayi wa ana atatu kugwira choko, ndipo pafakitalepo ndinakhala mpaka tsiku limene anatseka okha.

Ndiye inu a mafoni, ndimakuonani mukuthamangitsa ntchito poti kasitomala waima pakhomo. Tanu tating'onoto tambiri tili ndi kadontho pakona kosonyeza mbali yake, ndipo mukatembenuza, foni ya mwini siiphulika ngati zathu zija, imangofa chete. Muziyang'ana kadonthoko kawiri musanayatse mpweya. Kasitomala aime, miyendo ndi yake.